Adabwera Kudzapempha Masipika: Lipoti la Ndalama za Maphunziro Zomwe Gulu Lina la Zisudzo Lidalandira ku Blantyre

Ndimagwira ntchito kukabungwe kakang'ono kolembetsedwa kuboma muno mu Blantyre. Gawo langa ndi kulemba mapulopozo, kusunga mabuku a ndalama ndi kulemba malipoti m'malo mwa magulu a anthu aluso omwe sangathe kupempha okha thandizo. Lipoti ili ndi la ntchito imodzi yomwe ndidayendetsa kuyambira pakati pa 2023 mpaka chakumapeto kwa 2024. Sinditchula dzina la gululo, la anthu ake, ngakhale la bungwe lomwe lidapereka ndalama, ndipo ndalamazo ndizifotokoza m'magawo, chifukwa tidagwirizana choncho. Ndalembera makamaka anzanga omwe akuyamba kumene ntchito ngati yangayi. Zolakwika zambiri zomwe zili m'munomu ndi zanga.

Gululo ndi chomwe lidabwerera

Gululi lili ndi anthu 14, ambiri a ku Ndirande ndi ku Chilobwe, awiri a ku Zingwangwa. Amakonzekera zisudzo zawo m'kalasi ya sukulu ya mkaka ya patchalitchi china ana akaweruka. Ndalama amazipeza mabungwe akawalemba ganyu yofalitsa uthenga m'misika ndi m'masukulu, ndipo nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 adayenda kwambiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amadya zisudzo zokha. Wina amagulitsa kaunjika ku Limbe, wina ndi wakabaza, wina amaluka tsitsi, wina amakazinga tchipisi pachiwaya.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche adalowa m'nyumba ya mmodzi wa iwo ku Chilobwe, momwe ankasungiramo masipika awiri ndi ampulifaya. Anthu adapulumuka, zipangizo ayi. Patapita miyezi iwiri, amayi omwe ndi wapampando wa gululo adafika ku ofesi kwathu ndi msungichuma wawo.

"Asisi, tamva kuti mumatha kulemba makalata a kwa madona. Ife tikufuna masipika basi."

Ndidafunsa kuti masipika akalewo ankalumikiza ndani. Adayang'anizana. Zidapezeka kuti ankalumikiza aliyense amene wayamba kufika pamalo, ndipo ampulifaya ija idali itapsa kale katatu Freddy asadabwere. Zikavuta ankaitana mnyamata wa pashopu ina yokonzera mawailesi.

Sabata yotsatira ndidapita kukawaonera pabwalo la msika wina, atabwereka zipangizo kwa munthu. Sewero lidali labwino, koma ndidalimva theka. Mtsikana yemwe ankasewera ngati namwino akangoyandikira sipika, maiki inkalira mwakuti ana ankatseka m'makutu. Mwini zipangizo adangotsitsa zonse, mawu n'kusowa, anthu n'kubwerera kumabenchi awo. Pomaliza, pa ndalama yomwe gululo lidalandira, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu lidapita kwa mwini zipangizo uja. Ndidabwerera ku ofesi nditatsimikiza kuti gululi likusowa munthu wodziwa mawu kuposa momwe likusowera masipika. Ochita zisudzo tili nawo ambiri m'Malawi muno. Amene ndi ochepa ndi anthu a kuseri kwa siteji: wamawu, wamagetsi, wosunga ndalama, wokambirana mitengo ndi olemba ganyu.

Makomo omwe tidawaganizira

Munthu akafuna ndalama zokulitsira luso m'dziko muno, makomo sachuluka. Kwa zaka zambiri ofesi ya kazembe wa Norway ndiyo idasenza gawo lalikulu, poyamba kudzera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, mu ndondomeko ya Cultural Support Scheme, yomwe inkathandiza mabungwe a oimba, a zisudzo, a olemba ndi ena, kenako kudzera ku bungwe la ku Netherlands la Hivos. Lamulo la Copyright Act la 2016 lidatsegula njira ya thumba la Copyright Fund, lomwe COSOMA imayendetsa, ndipo ndalama zake zina zimachokera ku msonkho wa zipangizo zosungira ndi kukopera nyimbo ndi mafilimu. Kunja kudali Sound Connects Fund ya Music In Africa Foundation, yomwe inkathandiza maiko a kummwera kwa Africa kuphatikizapo Malawi. Kuli Prince Claus Fund ya ku Netherlands, yomwe imapereka ma euro 5,000 kwa waluso mmodzi woyamba kumene. Kulinso Art Moves Africa yolipira maulendo a mkati mwa Africa, ndi thumba la UNESCO la pansi pa pangano la 2005. Kumbali ya boma, ndondomeko ya chikhalidwe idavomerezedwa mu 2015, ndipo bilu ya National Arts and Heritage idadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2024, ntchito yathu ili mkati.

Makomo ambiri a magulu amafuna zinthu zitatu zomwe gulu lathuli lidalibe: chiphaso cholembetsera, akaunti ya kubanki ya dzina la gulu, ndi mabuku oonetsa momwe ndalama zakhala zikuyendera. Gululi linkasunga ndalama pafoni ya msungichuma ndi m'kope la sukulu. Choncho tidapempha m'dzina la kabungwe kathu, kubungwe lina la kunja lomwe nthawi imeneyo lidalengeza ndalama zochepa za maphunziro a anthu aluso. Tidasayinirana kapepala ndi gululo kuti ntchito ndi yawo, ndalama zidutsira kwa ife.

Bajeti yomwe ndidalemba

Pa K100 iliyonse, K35 idali ya zipangizo: mikisa yaing'ono (chipangizo cholumikizapo maiki n'kumawongolerapo mawu), masipika awiri, maiki ndi mawaya. K30 idali ya maphunziro a masiku asanu, kuwerengera holo, chakudya ndi mphunzitsi. K15 transipoti, K10 chionetsero chomaliza, K10 ya ofesi yathu. Zipangizo zidaloledwa chifukwa ndidazilemba ngati zophunzirira. Bungwelo lidati ndalama zibwera m'zigawo zitatu, ndipo zipangizo zigulidwe ndi chigawo chachiwiri, tikapereka lipoti la maphunziro.

Mizere iwiri idasowa m'bajeti imeneyi. Sindidasiye kangachepe ka za mwadzidzidzi, ndipo sindidalembe chilichonse chobwezera anthu ndalama yomwe akadapeza pageni masiku ophunzirawo. Cholakwa chachitatu chidali pamgwirizano. Adandifunsa ngati ndikufuna ndalamazo zilembedwe m'ndalama ya kwawo kapena m'kwacha. Ndidasankha kwacha kuti mabuku anga asavute. Ndidasankha choncho ndikudziwa bwino kuti mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti.

Panalinso bokosi lina pafomu lofunsa kuti apindule ndi anthu angati. Ndidalemba 14. Nambala yaikulu imaoneka bwino papepala, ndipo aliyense wolemba mapulopozo amaidziwa njala imeneyi.

Masiku asanu m'holo

Chigawo choyamba chidafika mu Okutobala 2023, ndipo tidachita maphunziro kumapeto kwa mwezi womwewo. Mphunzitsi adali munthu wa mapepala ake, wodziwadi ntchito, ndipo sindimunena. Adabwera ndi laputopu ndi pulojekita monga momwe ndidamupemphera. Tsiku loyamba anthu 14 adakhala m'mizere, mabuku ndi zolembera m'manja, akuyang'ana pakhoma zithunzi za momwe mawu amayendera mumpweya. Zolembedwa zonse zidali m'Chingerezi. Mikisa idalipo imodzi, ya mphunzitsiyo, ndipo aliyense adaigwira mphindi zowerengeka.

Tsiku lachitatu adabwera anthu 8. Madzulo ndidakwera minibasi kupita ku Ndirande kukafunsa. Mnyamata wa tchipisi ndidamupeza akutembenuza mbatata, utsi uli tolo.

"Asisi, musandione ngati wamwano. Chiwaya changa chikazima masiku asanu, makasitomala anga apita kwa mnzangayu. Sabweranso. Ana anga adya satifiketi?"

Pano ndiyenera kunena maganizo anga, chifukwa nkhani ya alawansi imatigawa ife a m'mabungwe. Tonse tatopa ndi anthu a malipiro a pamwezi omwe sakhala pamsonkhano popanda envulopu. Pofuna kuthawa khalidwe limenelo, ndidakana kulemba alawansi iliyonse, ndipo ndinkadziona wolungama. Koma wa muofesi akakhala m'holo, malipiro ake akuyendabe. Woluka tsitsi akakhala m'holo, tsiku limenelo kwawo sikulowa kanthu. Ndidawaika pamuyeso umodzi anthu osiyana. Kunena zoona, maphunziro aja adalipira ndi ophunzirawo, kuchokera m'mbale za ana awo.

Chinanso, ambiri mwa anthu 14 aja sankafuna n'komwe kuphunzira za mawu. Iwo ndi ovina ndi ochita zisudzo, ndipo adabwera chifukwa apampando adati aliyense apezeke. Amene ankatsalira nthawi ya tiyi, akusuzumira kumbuyo kwa mikisa kuti aone waya uti walowa pati, adali atatu: wakabaza, wa tchipisi uja, ndi mtsikana woluka tsitsi wa ku Chilobwe, yemwe m'nyumba ya kwawo ndi momwe mudaonongekera masipika aja.

Novembala

Ndidatumiza lipoti la maphunziro sabata yoyamba ya Novembala. Pa 9 Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Petulo adakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, minibasi n'kutsatira pomwepo. Makotesheni atatu omwe ndidatenga m'mashopu mu Juni adali a masiku 30 okha. Nditabwererako, shopu ina idali itachotsa mitengo yonse pamashelefu. Zipangizo za mawu zonse zimachokera kunja, ndiye zimayenda ndi dola. Ndalama yomwe inkakwana mikisa, masipika ndi maiki tsopano inkangokwana mbali imodzi.

Mgwirizano ukadakhala m'ndalama ya kunja, zigawo ziwiri zotsalazo zikadasinthidwa pamtengo watsopano ndipo dzenje likadachepa. Popeza ndidasankha kwacha, lidatigwera lonse.

Ndidakhala masiku angapo ndikuganiza zongogula masipika otchipa, kujambula zithunzi, n'kutseka nkhani. Ambiri amatero, ndipo lipoti limadutsa. M'malo mwake ndidalembera bungwelo kalata ya tsamba limodzi. Ndidanena mosabisa kuti maphunziro a m'holo sadaphule kanthu kwenikweni, kuti oyenera kuphunzira ndi atatu osati 14, ndipo ndidapempha kusintha bajeti: tisiye masipika, tichepetse chionetsero, ndalamayo ilipire katswiri woti atatuwa azimutsatira kuntchito zake, ilipirenso tsiku lililonse lomwe asiya geni. Ndinkaopa kuti atiuza kubweza ndalama. Adayankha pasanathe masabata awiri, adavomera, n'kungopempha bajeti yatsopano ndi mbiri ya ntchito ya katswiriyo. Mabungwe ambiri amalola kusintha ukapempha usadagwiritse ntchito ndalama. Chomwe samakhululuka ndi kumva pamapeto.

Chovuta chidali kuwauza apampando.

"Ndiye mukuti masipika kulibe? Asisi, ife tinabwera kudzatani kwa inu?"

Adatuluka osatsanzika. Kwa mwezi wathunthu ankandiyankha kudzera kwa msungichuma. Sindikuwaimba mlandu. Adabwera ndi pempho lomveka, ine n'kulisandutsa china, ndipo ngakhale ndikukhulupirirabe kuti ndidaona bwino vuto, chisankhocho ndidachipanga ndekha padesiki, iwo ndidangowauza. Ndikadayenera kukhala nawo pansi kalata ija isadapite.

Madala

Katswiriyo ndimutcha Madala, monga amamutchulira aliyense. Ndi bambo wachikulire wa ku Bangwe yemwe adayamba ndi kunyamula mawaya ku French Cultural Centre, malo omwe lero ndi Blantyre Cultural Centre, masiku omwe Loweruka ndi Lamulungu anthu ankadzaza kumeneko kukaonera zisudzo ndi magulu oimba. Lero amayendetsa zokuzira mawu m'maukwati, m'misonkhano ya mapemphero ndi pamaphwando a makwaya. Alibe satifiketi ya chilichonse. Mbiri ya ntchito yomwe bungwe lija linkafuna ndidailemba ine, titakhala pakhonde lawo masana onse, iwo akukumbukira, ine ndikulemba.

Adalibenso TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ndiye tidapitira limodzi ku MRA, ku Msonkho House, n'kukatenga. Apa ndidalakwanso. Tidagwirizana mtengo pakamwa, koma sindidawauze kuti lamulo limatilamula kudula msonkho tisadawalipire. Ndalama yoyamba itafika yoperewera, adandiimbira.

"Mwanawe, tinapangana zingati?"

Ndidafotokoza, adamvetsera, kenako adati iwo adapangana ndi ine, osati ndi boma. Adali ndi mfundo. Tidawonjezera kuchokera pa K10 ya ofesi ija. Kuyambira pamenepo, ndikamakambirana mtengo ndi munthu, ndimalemba manambala awiri papepala: yomwe tikulemba m'buku, ndi yomwe ifike m'manja mwake.

Atatu aja adatsatira Madala Loweruka lililonse kwa miyezi inayi, nthawi zina ndi Lamulungu lomwe. Loweruka loyamba ndidapita nawo. Ndinkayembekezera kuti awaika pamikisa. Adawapatsa mawaya. Tsiku lonse adaphunzira kupinda waya wa maiki: kuzungulira kumodzi mwachizolowezi, kotsatira motembenuza dzanja, kuti waya asapotokole mkati. Wakabaza adapinda ngati chingwe chomangira katundu panjinga, mozunguliza pachigongono. Madala adautenga, adauponya pansi, waya n'kukhala mfundo zokhazokha.

"Waona? Waya amathyokera mkati, kunja akuoneka bwinobwino. Ndiye tsiku la ukwati mkwati akulankhula, mawu akuduka, iwe ukufuna mfiti."

Adapinda wawo, adagwira nsonga imodzi n'kuuponya. Udatambasuka wonse mowongoka mpaka kukhomo.

Masabata otsatira adaphunzira kuwotcherera mitu ya mawaya, kuyesa waya aliyense asadamulumikize, ndi dongosolo loyatsira: mikisa poyamba, ampulifaya pomaliza, ndipo pozimitsa ampulifaya poyamba. Wa tchipisi atamva zimenezi adagwira pakamwa. Gulu lawo linkayatsa zonse pasoketi imodzi nthawi imodzi, ndipo kuphulika kumene ankamva m'masipika ankakuyesa chizindikiro chakuti zayaka bwino.

Mtsikana wa ku Chilobwe ndiye ankalankhula pang'ono koma n'kumagwira msanga. Mwezi wachiwiri, paukwati wina, magetsi adazima akudula keke. Anyamata adathamangira kujenereta. Iye adaiwala kuzimitsa ampulifaya, ndipo jenereta itangoyaka masipika adaphulika phokoso lomwe lidadzidzimutsa holo yonse. Palibe chidapsa, mwamwayi. Ndidamva kuti Madala sadamukalipire pagulu. Atapakira katundu adamufunsa kuti magetsi akazima dzanja lake liyenera kupita pati, ndipo adamubwerezetsa katatu akuloza batani.

Mwezi wachinayi ndidakawaonera paphwando la makwaya m'holo ya malata, yoipa kwambiri pa mawu. Madala adakhala pampando kumbuyo, manja atapinda. Kwaya ina itayamba, maiki ya woyambitsa nyimbo idayamba kulira kaphokoso kowonda kaja. Ndidaona mtsikanayo akusuntha dzanja, koma sadatsitse zonse monga adachitira mwini zipangizo wa kumsika uja. Adachepetsa maiki imodzi yokhayo, adapungula pang'ono mawu akuthwa, kenako adatuma wa tchipisi kuti akatembenuze sipika ya pansi ya oimba kuti isayang'anizane ndi maiki. Phokoso lidatha, nyimbo siidaime. Madala sadanene kanthu. Adangotulutsa foni n'kumayang'ana zina.

Padali chinthu china chomwe sindidachiganizire. Maukwati amatha mochedwa, ndipo kupakira zipangizo kumatenga ola lina. Mayi ake a mtsikanayo adabwera ku ofesi atavala chitenje cha kumpingo, adakhala pansi mwaulemu, n'kunena kuti mwana wamkazi sangamafike ku Chilobwe 11 koloko usiku pakabaza, ndipo ngati zili choncho asiye. Anyamata awiri aja palibe adawafunsa funso limeneli. Tidapatula ndalama ya galimoto yomutula pakhomo usiku uliwonse wa ntchito, ndipo akazi awo a Madala adalankhula ndi mayiwo pafoni. Mzere umenewu tsopano umakhala m'bajeti iliyonse yomwe ndalemba. Mapulopozo ambiri amalonjeza kuti atsikana atenga nawo mbali, koma salemba kuti abwerera bwanji kunyumba.

Nthawi yomweyo msungichuma ndi mlembi ankabwera ku ofesi kumapeto kwa mwezi uliwonse. Tidatsegula buku la zolowa ndi zotuluka, adaphunzira kulemba kotesheni ndi invoisi, ndipo adapita ku COSOMA kukafunsa za kalembetsedwe ka masewero awo. Gawo limeneli lidayenda popanda zambiri.

Malisiti

Walira mvula walira matope, ndipo matope a ndalama za madona ndi malisiti. Kondakitala wa minibasi sapereka lisiti. Wakabaza sapereka. Amayi ogulitsa nsima kumsika sapereka. Tidagwirizana ndi bungwelo kuti pa zoterezi tizigwiritsa ntchito pepala losayinira, lokhala ndi dzina, tsiku, ulendo ndi ndalama, komanso kuti malipiro a tsiku a ophunzira azidutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni. Malisiti a m'mashopu a kapepala konyezimira kaja amafufutika pakapita miyezi, makamaka akakhala m'thumba lotentha, ndiye tinkawafotokopa tsiku lomwelo.

Vuto lidabuka limodzi. Ndikusonkhanitsa mapepala a lipoti lomaliza, ndidaona lisiti ya mawaya yolembedwa pamanja, chidindo chake cha shopu yomwe sindidaimvepo. Mawayawo ndidawaona ndi maso anga, adagulidwadi. Nditafunsa, msungichuma adaweramitsa mutu. Lisiti yeniyeni idachapidwa m'thalauza, ndipo poopa kundiuza adapempha munthu wina kumsika kuti amulembere ina. Sadabe ngakhale tambala. Koma wofufuza mabuku akapeza lisiti imodzi yabodza, sakhulupiriranso zina zonse, ndipo dzina lomwe limada ndi la kabungwe kathu pamodzi ndi magulu onse omwe amadutsira kwa ife. Tidaichotsa, tidabwerera kushopu yeniyeni komwe adatipatsa kope kuchokera m'buku lawo, ndipo ndidalemba ndime yofotokoza zomwe zidachitika. Bungwelo silidafunsenso. Msungichumayo ndidamuuza kuti lisiti ikatayika aziimba foni tsiku lomwelo, ndipo ndidadzifunsa kuti ndimaoneka woopsa bwanji kuti munthu asankhe chidindo cha kumsika m'malo mondiuza.

Pomwe zinthu zili

Tidagula mikisa ya maiki 8, maiki zinayi, mawaya, chowotcherera, ndi kachipangizo koteteza ku kukwera ndi kutsika kwa magetsi. Masipika gululo limabwerekabe, koma tsopano limabwereka masipika okha, popanda mwini wake kudzakhala pamikisa, ndipo mtengo wake ndi wotsika. M'buku la msungichuma, gawo lopita ku zokuzira mawu lidatsika kuchoka pa limodzi mwa atatu kufika pafupifupi limodzi mwa asanu. Chigawo chomaliza cha ndalama chidafika lipoti litavomerezedwa, ndipo m'bokosi la opindula ndidalemba 5: atatu a mawu, awiri a mabuku.

Mwa atatu aja, wakabaza adapita ku Johannesburg maphunziro atangotha. Adatumiza uthenga kuti Lamulungu amathandiza pamikisa patchalitchi cha Amalawi kumeneko. M'lipoti sindidadziwe kuti ndimuwerengere kuti, ndiye ndidangolemba momwe zilili. Wa tchipisi ndiye amayendetsa mawu a gululo masiku ambiri, ndipo chiwaya amasiyira mng'ono wake. Mtsikana wa ku Chilobwe amaitanidwa ndi Madala ngati wothandizira wolipidwa, ndipo eni zipangizo ena awiri ayamba kumuimbira okha. Amalukabe tsitsi mkati mwa sabata.

Kupita patsogolo kwakeko kwabala mkangano womwe sitidaukonzekere. Ena m'gululo akuti adaphunzira ndi ndalama ya gulu, ndiye akapeza ganyu kwina azipereka kenakake. Iye akuti gulu likamufuna salipiritsa, ndipo zakunja ndi thukuta lake. Kawiri konse Loweruka la gulu lidawombana ndi ukwati wolipira bwino, ndipo kamodzi adasankha ukwati. Kapepala komwe tidasayinirana pachiyambi sikadanene chilichonse pa zimenezi. Ine ndimaona kuti luso silingabwezedwe ngati ngongole ya banki m'khonde, koma apampando akanena kuti gulu lidataya masipika kuti iye aphunzire, sindiwatsutsa. Pakadali pano adagwirizana kuti kalendala ya gulu izituluka mwezi usadayambe, ndipo masiku amenewo asamalandire ganyu ina. Za ndalama adazisiya kaye.

Mikisa nayo ili ndi nkhani yake. Mgwirizano umati zipangizo zikhala m'dzina la kabungwe kathu mpaka zitaperekedwa mwalamulo kwa opindula, ndipo sitingapereke kwa gulu lomwe papepala kulibe. Adayamba zolembetsa, malamulo a gulu adalemba, koma adakanirira pa funso la amene akhale osayinira kubanki. Choncho mikisa imagona mukabati ya ku ofesi kwathu, m'chikwama chomwe wa tchipisi adasoketsa kwa telala ku Ndirande, ndipo wotenga amasayina m'buku la chikuto cholimba. Sabata yatha apampando adabwera okha kudzaitenga. Adasayina, adawerenga mawaya mmodzimmodzi monga amachitira Madala, adanyamula chikwama. Atafika pakhomo adacheuka.

"Asisi, ikatuluka fomu ina mutiuze. Koma ulendo uno tidzalembere limodzi. Ndipo masipika alembedwe poyamba."